Makina Awiri, Kabati Imodzi

Lamulungu, 8 Juni

Mkazi wanga Esteri wapunthwa pa waya m'mawa uno. Sanagwe, Mulungu alemekezeke, wagwira mphuthu ya chitseko. Koma ndi pakati potopa paja, ine mtima unangoti myuu. Waya wake ndi wa mfuti ya TV gemu, ndinauiwala pansi dzulo.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Wakhala pa mpando, wapuma kaye, kenako wayankhula mofatsa ngati nesi wa ku sikelo. "AChester, mwana sabwera m'nyumba ya mawaya ayi. Zidole zanu ziwirizi musankhepo. Chimodzi chilowe m'kabati ya pansi pa TV, chinacho pofika Loweruka chikhale chitatuluka. Pamene pali tebulopo pabwera kabedi ka mwana."

Ndati tikambirane. Wati takambirana kale.

Zidole! Makina a mbiri yawo, munthu n'kumati zidole. Koma ndikadandaule kwa yani? Nyumba ndinamanga ndine, dothi ndi la kwawo. Ndine mkamwini kuno kwa Limbuli, kwathu ndi ku Thuchila. Woweruza wapafupi ndi apongozi, khomo lawo lili apo pa mtengo wa mapeyala, ndipo chikwatirireni mwana wawo sitinalankhulanepo ngakhale liwu limodzi. Mwambo. Tikakumana pa njira ine ndimapatukira m'nandolo, iwo m'chinangwa. Mawu athu amayenda pa msana wa Esteri. Omaliza amene anandifikira okhudza makinawa anali akuti, "Amuna akowa ndi aphunzitsi kapena ndi mwana wa sukulu?" Ndiye kumeneko sindingapeze wondiimira.

Lolemba, 9 Juni

Ku sukulu thupi linali pa bolodi, mutu uli kunyumba pa tebulo. Ana ndawapatsa masamu ambiri kuti ndiganize bwino. Andikhululukire.

Mbali ino kuli kakompyuta kakale kotchedwa Spekitiramu, Speki wanga. Malemu bambo anga, aPilato, anali kalaliki ku esiteti ya tiyi. Mzungu wina pobwerera kwawo anagulitsa katundu, bambo ankafuna wailesi ya kaseti basi, koma anawanyamulitsa ndi kabokosi kakuda aka pamodzi ndi katoni ya matepi. Makiyi ake a labala ngati zofufutira pensulo, pakona timizere ta utawaleza. Ku Thuchila konse panalibe wodziwa kuti n'chiyani. Amayi ankatsindira nacho nsalu ya pa tebulo kuti isauluke ndi mphepo. Ndinadzachiyatsa ndine, nditabwera ku holide kuchokera ku koleji ya uphunzitsi.

Mbali inayo kuli TV gemu. Malume anabwera nayo pa njinga kuchokera ku Milange ndili Sitandade 5. Bokosi lake likadalipo, lolembedwa Chipwitikizi, la chithunzi cha ana awiri akuseka mano onse pamtunda. Mapadi awiri ogwirira, mfuti yotuwa, ndi makaseti achikasu abodza aja. Pamwamba alemba kuti muli magemu 9999, ukalowamo ndi omwe aja asanu ndi imodzi, angosintha mtundu wa thambo.

Kunena chilungamo, TV gemu ilibe mwano. Kutenga kaseti, kuuzira fuu fuu, kulowetsa, kuyatsa, basi wayamba. Speki ndi bwana. Umayamba walumikiza wailesi, kulemba mawu omulamula, kutsegula tepi, kenako iye n'kuyamba kulira ngati nkhumba ya pa ukwati, timizere tikuvina pa TV. Ukhoza kukasamba, kumwa tiyi, kubwera akadalirabe. Ndiye atatsala pang'ono kumaliza, wina akamenyetsa chitseko kapena voliyumu ikakhala yakwera pang'ono, wakana. Yambiranso.

Koma pa TV gemu umadya zimene anaphika ena. Pa Speki umaphika wekha. Ine ndinalembapo gemu yangayanga, ya kabaza wochoka kwa Limbuli kupita ku Muloza akuzemba maenje ndi mbuzi. Kabazayo ndi kadontho, mbuzi ndi chilembo M, koma ndi zanga. Dziko lonse lapansi tepi yake ndi imodzi.

Ichi chakoma, ichi chakoma. Tikudziwa mmene pusi anathera.

Madzulo ndamuimbira Anthony, mnzanga wa ku koleji amene anathawa choko, pano ali ku Blantyre pa kampani ya inshulansi. Iye ndi wotolera, si wosewera. Ali ndi kabati yagalasi yodzaza ndi makina akale, ndipo sayatsa ngakhale amodzi. Amangowapukuta Loweruka, n'kumawayang'ana ngati nsomba za mu hotela. Nditangoti ndikutulutsa chimodzi, mawu ake anasintha. "Speki eti? Nena kuti Speki, achimwene." Ndati sindinasankhe. Wati kunyumba kwake kuli kabedi ka mwana kabwinobwino, ana ake anakula, abwera nako Loweruka pa galimoto, tisinthana. Kenako wandifunsa ngati ndikadauzirabe makaseti. Ndati nanga osauzira agwira bwanji? Wati malovu amadyetsa dzimbiri, ndikupha mbiri ya dziko. Anthu otolera ndi odwala ndithu.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndasankha. Speki atsala. TV gemu ipita.

Chifukwa chake n'chachidule. TV gemu ngati yangayi, ukafufuza bwino m'misika ya kaunjika wa zamagetsi, tsiku lina udzaipeza. Speki ukam'peza kuti m'Mulanje muno? Komanso ndi wa bambo. Ndamuuza Anthony pa nthawi ya buleki. Wadandaula pang'ono, koma atamva kuti bokosi la Chipwitikizi lilipo ndi mfuti yomwe, wavomera. Wati yotere alibe. Ndam'kumbutsa kuti mfutiyo imagwira pa TV yachikale ya linunda yokha, pa TV yake yopyapyala ija siwombera kanthu. Wati, "Ndani wanena zowombera?" Mwamva anthu inu?

Esteri, E. wanga, ndamuuza. Wangoti "oho," n'kupitiriza kusankha nyemba. Ndimayembekezera kuti asangalala. Akazi.

Tsono nachi chodabwitsa. Ndabwera ku ntchito, ndati ndiyambe kulongedza. Kugwira adaputa, ikutentha. Ikutentha ndithu, ngati mbatata yongophula kumene. Kaseti ya gemu yowombera abakha ili m'kati, pamene ine sindisiya kaseti m'makina, chilamulo changa chimenecho. Pa chogwirira cha mfuti pali ufa. Ndanunkhiza. Wa chinangwa.

Ndafunsa E. Wati mwina ndi kutentha kwa dzuwa. Dzuwa liti, Juni uno, phiri osaoneka ndi chiperoni chiyambire Lamulungu?

Ndikum'dziwa mwini wake. Ndi Brave, mlamu wanga, mchimwene wake wa E. Amapalasa kabaza ku Muloza, masana amabwera kudzadya kwa mayi ake. Mawa tionana.

Lachitatu, 11 Juni

Ndam'peza Brave pa siteji, atakhala pa njinga yake akudya mkate wa ku Milange. Ndati, "Alamu, mukamalowa m'nyumba za eni muziyamba mwasamba m'manja. Mwasiya ufa pa mfuti."

Wandiyang'ana, wayang'ana anzake, kenako waseka mpaka mkate kum'tsamwa. "Alamu, ine ndili ndi mpira wa ku Ulaya pa foni apa. Ndisiye zimenezi ndikawombere abakha a m'nthawi ya atsamunda? Mundipepese, apo ayi ndikukulandani mlongo wanga."

Ndati nanga ndani? Wati, "Inu ndi aphunzitsi, fufuzani. Koma mukam'peza wakubayo musam'gwire. Ndakuchenjezani." Anzake onse gwa kuseka, wina mpaka kuliza belu la njinga. Ndachokapo ndili ndi manyazi, komanso ndili ndi mkate umene ndam'landa.

Kunyumba adaputa ikutenthanso. Mpando wasunthidwa, uli kukhoma. Wakubayu amasewera chiimire.

E. akuti mwina ndi mizimu ya abakha.

Lachinayi, 12 Juni

Mayo ine. Ndilembe bwanji izi?

Chiperoni chinakula m'mawa, mvula yowaza yosaleka, ana akunjenjemera m'kalasi yopanda mawindo. Ahedi anati aweruke msanga. Ndiye ndafika pakhomo nthawi imene sindifika. Njinga ndinatsika patali chifukwa cha matope. Ndili pa mpanda ndikumva pha! pha! ndi kulira kwa bakha wa pa TV. Ndati lero ndakugwira. Ndayenda monyang'ama mpaka pa windo, ndasuzumira pa mpata wa katani.

Apongozi.

Apongozi anga enieni, amake Esteri, a Mvano, amene sindinawaonepo nkhope yonse chifukwa nthawi zonse imakhala ikuyang'ana kumbali. Aima pakati pa balaza opanda nsapato, chitenje amanga cholimba m'chiuno ngati akupita kodula nkhuni, diso limodzi atsinzina, mfuti agwira manja awiri. Bakha akangoti atuluke mu udzu, pha! Wagwa. Wina, pha! Wagwa. Ndipo akuwalankhula. "Iwe ndiwe unandithera mpunga ku dimba. Bwera kuno." Pha! "Kaitane amalume ako." Zina akunena m'Chilomwe, sindinamve zonse, koma sizinali za m'Baibulo. E. ali pa mphasa akusenda chinangwa, akuseka mpaka kugwira mimba.

Ndipo saphonya! Ine mwini mfuti ndimafika pamene abakha amayamba kuthamanga ngati amva fungo la ndiwo, n'kuthera pomwepo. Iwo anadutsa pamenepo akukanda mwendo ndi phazi linalo.

Tsono ine nditani? Kulowa sindingalowe. Kungoti atembenuke tione maso ndi maso, iwo ali ndi mfuti m'manja, angafe ndi manyazi, ine n'kufa pambuyo pawo. Ndabwerera chafutambuyo mpaka m'munda wa nandolo, n'kukhala pansi pa mvula. Mwini nyumba, mphunzitsi wa boma, ndakhala m'nandolo ngati wakuba nkhuku, madzi akulowa m'khosi, ndikumvera abakha anga akuphedwa. Mwendo utachita dzanzi ndapita pa njinga, ndaliza belu kwambiri, ndatsokomola ngati wa chifuwa chachikulu, ndayimbako ndi nyimbo ya kwaya. Ndamva chitseko cha kuseri chikuti phwa. Polowa ndapeza E. yekha, TV yozima, mfuti ili pa tebulo mwaulemu.

Wandiyang'ana mmene ndanyowera, masamba a nandolo ali m'tsitsi. Wati, "Mwaona eti?" Ndati ndaona.

Titamwa tiyi wandiuza zonse. Chimwalirireni apongozi aamuna chaka chatha, mayi ake anangokhala ngati azima. Kudya pang'ono, kulankhula pang'ono, ku Mvano kupita chifukwa choti awaitana. Mimba itakula anayamba kubwera masana kudzam'khazika. Tsiku lina nkhani zitatha, E. anayatsa TV gemu kuti pakhale phokoso, n'kuwapatsa mfuti mwanthabwala. Iwo ali mtsikana ankakhalira kuingitsa mbalame m'mapira ndi m'mpunga, legeni ankaposa nayo anyamata. Bakha woyamba atagwa anaseka. "AChester, chiikireni bambo m'manda, tsiku limenelo ndi limene ndinawamva akuseka."

Ndati nanga bwanji osandiuza Lachiwiri, pamene ndimati ipita? Wati mayi anamuletsa. Atamva kuti ikupita ku Blantyre anangoti, "Ndi katundu wa eni, asankha okha. Usakawauze zopusa, angandione ngati mwana." Ndipo iyenso sanafune kuti ndidzati anandisankhira.

Ndati ndiye zonse ziwiri zitsale. Wati, "Chimodzi." Ndati nanga waya wa Lamulungu uja, mwina anausiya ndi mayi? Wati, "Umenewo ndi wanu, musathawe."

Lachisanu, 13 Juni

Mutu ukuwawa. Chimfine cha m'nandolo, komanso maganizo.

Ndayesa njira zonse. TV gemu ikakhale kwa apongozi? Kulibe magetsi, ndipo TV ya linunda ndi imodzi yomweyi. Speki ndikam'sungitse ku Thuchila? Kumene kuja makoswe anadya buku lake theka, ndipo denga likudontha. Komanso Anthony ndinam'patsa mawu, akubwera ndi kabedi ulendo wonse uja, sangabwerere chimanjamanja. Chimodzi chikwera galimoto mawa, palibe kuchitira mwina. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndavumbwa kale dzulo.

Ndinayesa kuganiza apongozi ali pa Speki. Atakhala, manja pa maondo, akudikira nkhumba imalize kulira kuti ayendetse kadontho pakati pa zilembo M. Ndinaseka ndekha m'kalasi, ana n'kumayang'anana. Speki ndi wa munthu mmodzi, wofatsa, wokonda kukhala yekha. Mpando umodzi, makiyi a munthu mmodzi. TV gemu anaipanga ndi mapadi awiri kuchokera ku fakitale. Zaka zonsezi padi yachiwiri ija ndimangoikulunga ndi waya wake, yatsopano ngati sinagulidwe.

Koma zikundiwawa, ndisaname. Chinthu choyamba chimene ndinalemba pa Speki chinali dzina la bambo. Mizere iwiri yokha, dzina n'kumatsika pa TV osaleka, PILATO PILATO PILATO mpaka pansi. Bambo anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Zimitsa iwe, anthu aziti ndikuimira ukhansala." Koma madzulo anaitana aneba kuti adzaone. Iwo aja anagula chinthu osachidziwa, n'kuchisunga zaka zonse zija osachitaya. Lero ine ndichipereke chifukwa cha munthu amene sadzandiuza n'komwe kuti zikomo, poti mwambo sulola?

Pa buleki ndamuimbira Anthony. Ndati zasintha, utenga Speki. Kenako ndamva akuuza wina mu ofesi kuti, "Mulungu alipo." Ndam'patsa lamulo limodzi. Kamodzi pa mwezi azimuyatsa, aziika tepi ya kabaza wanga, azisewera mpaka ku Muloza. Wati kuyatsayatsa kumatopetsa makina okalamba. Ndati ukapanda kutero ndibwera ndidzauzire makaseti ako onse mmodzimmodzi. Walumbira.

Madzulo ndayatsa Speki komaliza. Wakana kawiri, mwano wake uja. Kachitatu walola. E. wakhala pambali panga, koyamba chikwatiranireni wapempha kuti ayeseko. Wagunda mbuzi yoyamba yomwe. Wati, "Mbuzi yake iti? Ichi ndi chilembo." Ndati ndi mbuzi. Wati, "Mbuzi yanu yaonda." Kenako waona kuti maso anga afiira, wasiya zoseka, wandigwira dzanja. Ndati ndi chimfine. Wati eya, chimfine.

Ndamuuza kuti asawauze mayi zoti chikupita ndi Speki, osati TV gemu. Sindikufuna aziona ngati ali ndi ngongole ya ulemu kwa ine.

Loweruka, 14 Juni

Anthony wafika chakum'mawa, kabedi kali pamwamba pa galimoto. Watsika ndi magolovesi oyera. Magolovesi! Brave anali pompo, wafunsa ngati kwabwera adokotala odzachiritsa mlongo wake.

Wam'nyamula Speki ngati khanda, wam'kulunga m'pulasitiki ya timatuza, matepi wawaika m'katoni mmodzimmodzi akuwerenga mayina. Ataona TV gemu pansi pa TV anameza malovu, n'kufunsa ngati bokosi lokha la Chipwitikizi ndingam'patse. Ndati achimwene, dyera lidzakupha. E. wam'patsa nanazi ziwiri ndi mapeyala.

Nthawi yonseyi apongozi anali pakhonde pawo, atatipatsa msana, akupeta nyemba. Nyemba zake zomwe zija, kupeta kosatha. Katoni itatuluka m'nyumba lichero linaima. Galimoto italira anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. Masana onse sanatuluke. E. anawapititsira chakudya, anabwera nacho chosakhudzidwa. Akuti mutu.

Kabedi ndamanga, kakwana bwino pamene panali tebulo. N'kokongola, ndivomere. Ndaimapo nthawi yaitali ndikuyang'ana, osadziwa ngati ndikuona pogona mwana kapena pamene panali Speki.

E. akuti chinsinsi changa chikudwalitsa mayi ake. Ndati mawa.

Lamulungu, 15 Juni

Titabwera ku tchalitchi ndatulutsa TV gemu m'kabati, ndauzira kaseti ya abakha mokwanira bwino, Anthony amve kumene aliko. Ndatsegula chitseko ndi mawindo, voliyumu mpaka kumapeto. Bakha walira mudzi wonse kumva.

Chitseko cha apongozi chatseguka pang'ono. Chatsekeka. Chatsegukanso.

E. wapita. Wabwera akuseka. "Akuti kodi chinapita dzulo chija n'chiyani? Ndawauza kuti cha bambo anu. Kenako akuti sangabwere, eni nyumba alipo."

Ndatenga jekete kuti ndizipita kwa Limbuli ndikazungulire, monga mwa masiku onse. Brave, amene anabwera kudzadya za ulere, wandigwira mkono. "Alamu, mudzathawa mpaka liti m'nyumba yanu yomwe? Si munkandiuza kuti padi yachiwiri ija imayendetsa bakha?" N'zoona, gemu imeneyi wina amagwira mfuti, wina akhoza kuyendetsa bakhayo ndi padi. Sindinayesepo, ndinalibe woyesa naye. Brave wamanga chingwe kuchoka pa msomali wa kalendala mpaka pa windo, wapachikapo chitenje cha mlongo wake, balaza lagawika pawiri, mbali zonse zikuona TV. "Mwambo ukuti musaonane. Za abakha sunanenepo kanthu."

Zatenga maulendo angapo a E. Pomaliza ndamva mapazi ku chitseko cha kuseri. Ine ndili mbali yanga pa mpando, padi m'manja, thukuta m'nyengo yozizira ino. Pansi pa chitenje ndaona zala za kumapazi. Kenako kamwa ya mfuti yatulukira kutsogolo kwa nsalu.

Bakha woyamba ndamuyendetsa mwaulemu, molunjika, pang'onopang'ono, pakati penipeni. Pha! Wachiwiri chimodzimodzi. Pha! Nanga munthu ungawazembe apongozi? Wachitatu ndachita kumuimika.

Mfuti yatsika.

"Esteri," atero kuseri kwa nsalu, "uwauze bambowa kuti..."

E. anali atatuluka kukaona mphika, Brave atam'tsatira kukaba nyama. M'balaza tatsala awiri, ndi bakha akuuluka yekha pa TV. Wonyamula mawu palibe. Ndamva akupuma. Ndaganiza kuti basi, athawa, ndipo ine ndayamba kale kuyang'ana khomo.

Atsokomola.

"Bambo."

Ndayang'ana uku ndi uku ngati muli bambo wina.

"Bambo, ndikunena inu. Ulemu wanu wa dzulo ndaumva, wakwana. Pa bakha musandipatse ulemu. Thawani."

Ndati, "Chabwino, amayi."

Ndathawa ndi mtima wanga wonse, kumwamba, pansi, kumanzere, mpaka chala kuwawa. Andipezera pakona.